Nkhani Yanu Tikuitsatira

9 Novembala

Wokondedwa Chisamba mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ndi ntchito yako yolankhula ndi anthu osawaona. Ine ndilipo, kungoti makutuwa akunkira kutsekeka. Dzana unaimba foni ine n'kumangoti "eee, eee," koma zimene unanena sindinamve ngakhale chimodzi. Tiye tizingolemberana, pepala silinong'ona.

Mng'ono wako Mzime ali kuno. Anabwera Lachitatu diso limodzi litatsekeka, mlomo utatupa. Akuti anadziomba pachitseko. Zitseko za kwa mlamu wako makaniko uja zikuoneka kuti zili ndi zibakera, chifukwa aka si koyamba.

Chipinda changa ukuchidziwa: bedi, makina osokera, ndi kampata kodutsa chammbali. Mzime akugona pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, ndipo eni nyumba ayamba kale kufunsa ngati ndalowetsa walendi wina. Makaniko abwera, ndikumudziwa. Adzagwada pakhomo, adzalira mamina ali chuchuchu, adzati pepani. Mwanayu akakhala pano wopanda chogwira abwerera ndithu, ndipo ndikuopa kuti tsiku lina adzatibweretsera ali chigonere.

Unandiuzapo kuti kumapeto kwa chaka mumalemba aganyu chifukwa mafoni amachuluka. Mutenge mng'ono wako. Pakamwa ali napo, chibadwire sanasowepo choyankha. Usandiuze za malamulo, chibale ndi fupa sichiola.

Ndine mayi wako.

17 Novembala

Okondedwa Amayi,

Moni. Kalata yanu ndailandira ndipo nkhani ya Mzime yandipweteka mtima. Abwere Lamlungu, azigona kwanga.

Koma mumvetse kaye ntchito yake, chifukwa inu mumaganiza kuti timangocheza. Kampani yathu imanyamula katundu amene anthu agula kapena kutumizirana, n'kukamutula pakhomo. Akachedwa, akasweka kapena akasowa, eni ake amaimba foni, ndipo amene amatukwanidwa ndi anthu anga. Nyengo ya tchuthi ino aliyense akutumiza mphatso, aliyense akufuna zifike dzulo. Palibe wa m'gulu langa amene apite kutchuthi mpaka Januwale. Lamuloli ndinaika ndine, choncho likundimanganso ineyo. Musandiyembekezere.

Za malamulo mwati ndisanene, koma ndinena limodzi. Saloleza munthu kuyang'anira m'bale wake. Akadziwa, tonse awiri tili panja. Ndiye pantchito Mzime si mng'ono wanga, azinditchula madamu ngati anzake onse. Zausisi azizisiya pageti.

Mu Januwale amasankha aganyu ochepa n'kuwalemba ntchito yokhazikika. Akagwira bwino akhoza kukhala mmodzi wa iwo, apeze kachipinda kake, makaniko aziona msana wa njira. Koma sindikulonjeza. Chinthu choyamba chimene ndimaphunzitsa anthu anga n'chakuti usalonjeze chimene sichili m'manja mwako.

Ndine mwana wanu,
Chisamba

1 Disembala

Amayi anga,

Moni wa m'tauni! Muli bwanji ndi makina anu aphokoso aja? Ine diso latseguka, ndikuona dziko ndi maso awiri.

Amayi, ntchitoyi ndi yoseketsa. Tili m'chipinda chachikulu cha m'mwamba, mazenera ake osatseguka, aliyense m'kakhola kake ngati nkhuku zoikira, mahedifoni kumutu. Pakhoma pali sikirini yoonetsa anthu amene akudikira pafoni. Akachepa imakhala yobiriwira, akachuluka imafiira. Chibwerereni sindinaionepo yobiriwira.

Sabata yoyamba asisi, ndikutanthauza madamu, anatiphunzitsa chiganizo chimodzi mpaka tinayamba kuchilota: "Pepani, nkhani yanu tikuitsatira." Anatipatsa kagalasi aliyense kuti tizichinena tikumwetulira, akuti kumwetulira kumamveka pafoni. Munthu akakuwa, pepani. Akatukwana mayi ako, pepani. Inuyo amayi mwatukwanidwa kale kambirimbiri, ine n'kumapepesa mano ali pamtunda.

Woyandikana nane ndi bambo wina amene wakhalitsa pano, amamutcha Wailesi chifukwa satseka pakamwa. Ndinamufunsa kuti kodi amene amatsatira nkhanizi amakhala chipinda chiti, ndikamuone. Anaseka mpaka anatsamwa ndi tiyi. Akuti, "Mlongo, mawu amenewo ndi chitseko. Ukawanena ndiye kuti wamutsekera munthu panja mwaulemu." Chimenechi chandikhala pamtima.

Asisi kuntchito simungawazindikire. Amayenda kumbuyo kwathu ndi nsapato zosamveka, nkhope ili gwa. Tikakumana pamasitepe amandiyang'ana ngati khoma. Koma ndisaname, anthu awo amawasamala. Amatibweretsera madzi otentha a ndimu pakhosi pakauma, ndipo wotukwana akanyanya amalanda foni n'kulandira okha matusiwo. Tikafika kunyumba amangovula nsapato n'kukhala duu, mawu atatha. Ine ndimaphika, iwo amadya osalankhula.

Makaniko akutumiza mauthenga pafoni tsiku ndi tsiku. Sindikuyankha. Mundiuze ngati wafika kumeneko.

Wanu,
Mzime

12 Disembala

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndikulemba nthawi ya nkhomaliro, chakudya chili pambali chikuzizira. Muli bwanji?

Mwana wanu andiphetsa. Munati pakamwa ali napo, ndipo simunaname. Foni ikalira anzake amati moni, nambala ya katundu, pepani, yatha. Iye amayamba ndi mwadzuka bwanji, nanga kunyumba, nanga ana. Gogo wina anamufotokozera za bondo lake lonse, iye n'kumati "ayi ndithu, muzilithowa." Apo sikirini ili psuu, anthu ena akudikira pamzere foni ili kukhutu, ndipo akafika kwa mnzake wa pambali amafika atapsa kale mtima. Chifundo cha Mzime amachilipira ndi anzake.

Ndamuitana kawiri kukaofesi kanga. Ndamuuza kuti mwezi uno gulu lili ngati anthu onyamula bedi pamasitepe, mmodzi akaima kuti apereke moni onse aphwanyika zala. Amangoti "ndamva madamu," ndi kamawu kamene inu mukukadziwa.

Amayi, zaka zonsezi nyengo imeneyi yandiphunzitsa zinthu zowawa. Anthu ako uziwapumitsa mosinthana ngakhale mabwana akwiye, apo ayi amakagwera kuchimbudzi akulira. Watsopano usamupatse kasitomala wolusa. Wodwala pakhosi umusamutsire koyankha mauthenga olemba. Ndipo pepani ndi chipangizo ngati sizasi yanu, umagwiritsa ntchito n'kuika pansi. Ukamati pepani aliyense achoke pansi pa mtima, pofika Lachisanu mtima watha. Mzime amapita kunyumba atasenza madandaulo a anthu osawadziwa, n'kumandifunsa patebulo kuti kodi njinga ya mwana uja yapezeka. Ine ndidziwa bwanji?

Tsopano kwagwa lina. Mvula ya sabata yatha inaboola denga la nyumba yosungiramo katundu, mulu wonse wa mapaselo unanyowa. Mabwana alamula kuti tisanene kanthu mpaka a inshuwalansi adzaone. Wofunsa aliyense tizimuuza kuti katundu ali m'njira. Sindikukondwa nazo, koma mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mumulembere mwana wanu, mwina inu akumverani.

Chisamba

15 Disembala

Chisamba,

Moni mwana wanga. Kalata yako yafika, ndipo ndaseka ndekha za bondo la gogo. Ndimulembere chiyani Mzime? Kuti asiye kupereka moni? Ndinamuphunzitsa ndine.

Makaniko wabwera kawiri. Ulendo woyamba yekha, wachiwiri ndi amalume ake atavala jekete. Anagwada pakhonde monga ndinanenera, anthu a pamzere wonse akusuzumira m'mazenera. Akuti wasiya mowa, akuti wapaka nyumba penti. Ndinamuuza kuti Mzime ali pantchito m'tauni ndipo sabweranso. Ndinanena monyada, chifuwa chili patsogolo. Amalume akewo anangoti, "Ganyu imatha, mayi. Tidzabweranso chaka chikatembenuka."

Ndiye usandichititse manyazi. Mukalipire, mulange, umuchite chilichonse, koma mugwire dzanja mpaka Januwale.

Mayi wako

20 Disembala

Asisi,

Kalatayi ndaitsamiritsa ndi ketulo kuti muione mukangolowa. Kiyi wanga ndamusiya pansi pa chopondera. Ndakwera basi yamasana.

Sindikukana, ndinaphwanya lamulo. Mayi wina anaimba kachisanu kufunsa diresi la ukwati la mwana wake, ukwati uli Loweruka. Pakompyuta ndikuona bwinobwino kuti diresilo lili pamulu wonyowa uja. Ine ndine mwana wa telala, asisi, inunso. Tonse tikudziwa kuti munthu akauzidwa Lolemba, diresi lina likhoza kusokedwa n'kutha Lachisanu. Akauzidwa Lachisanu, mwana wake akwatiwa ndi nsalu yotchinga pazenera. Ndiye ndinati, "Mayi, diresilo musalidikire. Linanyowa, lachita nkhungu. Pezani telala lero." Kuti akazilemba pa intaneti dziko lonse n'kuyamba kuimba, sindinadziwe.

Kundichotsa ntchito sikunandiwawe kwambiri. Ndinaona bambo wa ofesi yolemba anthu ntchito atakhala pambali panu ndi fayilo, ndinadziwa kuti zatha. Chimene chandibaya ndi ichi. Mutamaliza kuwerenga chipepala chondichotsa ntchito chija, pakamwa panga panaterereka, ndinati, "Asisi?" Inu munatembenukira kwa bamboyo n'kuseka pang'ono, n'kuti, "Atsikana a masiku ano, aliyense ndi asisi." Kenaka munandiyang'ana n'kuti pepani.

Pepani ameneyo ndikumudziwa. Ndi wa pakagalasi uja. Munamwetulira bwino kwambiri, akanakhala pafoni kasitomala akanamva.

Zikomo pondisunga. Mphika wa nyemba uli pambaula, mungotenthetsa.

Mzime

21 Disembala

Okondedwa Amayi,

Moni. Pofika kalatayi Mzime akhala atafika kale ndipo mwamva mbali yake. Foni yanga sakuyankha. Imvani yanga.

Lachiwiri m'mawa sikirini inafika poti manambala sakukwana. Aliyense amene anatumizapo kanthu mwezi uno anaimba, ngakhale amene katundu wawo ali bwinobwino m'galimoto. Mtsikana wina woyembekezera anauzidwa mawu amene sindingawalembe, anavula mahedifoni n'kutuluka osabweranso. Wailesi, munthu wosatha mawu, mawu anamuthera. Anthu anga sanadye tsiku limenelo. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu.

Mafoni onse amajambulidwa, choncho mabwana sanavutike kupeza mwini mawu. Anandiitana n'kundifunsa kuti anamuphunzitsa ndani, anamubweretsa ndani. Anandipatsa chipepala choti ndikamuwerengere, ndi munthu woti akhale pambali panga kuonetsetsa kuti sindikuwonjezera kapena kuchotsa liwu. Ndikanavomera m'chipinda chija kuti ndi mng'ono wanga, lero tonse awiri tikanakhala pansi pa tebulo lanu lodulira nsalu. Mukanatidyetsa chiyani?

Kuti diresi linanyowa, ananena zoona. Ineyo ndikanakhala mayi wa mkwatibwi ndikanamudalitsa. Koma ine ndili ndi anthu oti ndiwafikitse ku Januwale ali amoyo, ndipo iye anayatsa moto m'nyumba yodzaza anthu chifukwa chomvera chisoni munthu mmodzi wozizidwa. Ndakwiya naye, ndipo ndikumusowa. Nyemba zake ndadya ndikulira.

Kubwera sindingathe, mukudziwa lamulo langa lomwe. Mumusunge kaye. Makaniko asamuyandikire. Mumuuze kuti pepani, nkhani yake ndikuitsatira.

Chisamba

7 Januwale

Okondedwa Amayi,

Moni wa chaka chatsopano! Simunandiyankhe, ndikhulupirira ndi mapositi a nyengo ino. Lero ndili ndi nkhani yabwino.

Tsiku lomwe lija Mzime anachotsedwa, ndisanapite n'kunyumba komwe, ndinatsikira kwa mayi amene amayang'anira nyumba yosungiramo katundu. Ndinamuuza zoona zonse, kuti ndi mng'ono wanga, za diso lija, za makaniko. Kumeneko si gulu langa, choncho lamulo la achibale silikugwira. Mayiyo anati aganiza. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikutsika masitepe amenewo tsiku lililonse ngati wodwala wopita kukabayitsa. Ndagwada kwa bambo wa fayilo uja kuti dzina la Mzime lisalembedwe pa anthu osayenera kulembedwanso. Ndinavomera kugwira ngakhale masiku anga opuma kuti mabwana andione ndi diso labwino. Sindinakuuzeni chifukwa sizinali m'manja mwanga, ndipo sindinafune kumukweza mwana pamtengo n'kuchotsa makwerero.

Lero mabwana asayina. Ntchito yokhazikika, yolandira ndi kulemba katundu wolowa. Kulibe foni, kulibe sikirini, ndipo mayi uja akuti akufuna munthu woti chinthu chikanyowa azinena kuti chanyowa. Ayambe Lolemba pa 18. Pali kachipinda ka lendi pafupi ndi kwanga, ndakalankhulira kale.

Mumuuze abwere. Mumuuze kuti kumeneko akhoza kunditchula asisi mokuwa, pageti pomwe.

Ndine mwana wanu,
Chisamba

13 Januwale

Chisamba,

Moni. Makalata ako onse awiri ndinalandira. Yoyamba sindinayankhe chifukwa ndinalibe mawu abwino. Lero ndilibenso, koma ndiyankha.

Ija ya pa 21 inafika Mzime ali pano. Zilembo zako ndi zing'onozing'ono, ndiye ndinamupatsa kuti andiwerengere, akukuwira m'khutu langa lakumanja. Anawerenga bwinobwino za mtsikana woyembekezera. Pa nyemba paja analira. Ine mumtima ndinati basi, ana anga agwirizana. Atafika pamzere womaliza anaima. Anawerenganso chamumtima, kenaka anaseka kuseka kumene sindikufuna kudzakumvanso.

Ndinati chavuta n'chiyani, si mkulu wako akuti akuitsatira nkhani yako? Iye anati, "Amayi, mawu amenewa ndawanena kwa anthu mazanamazana. Anandiphunzitsa ndi iwowo. Amatanthauza kuti usaimbenso."

Ndinamutsutsa. Ndinati mkulu wako si wotero, dikira. Anandifunsa kuti ndidikire chiyani, mwaona tsiku m'kalatamu? Mwaona dzina la munthu, kapena la ofesi? Ndinaitembenuza kalata ija uku ndi uku, ndinalibe chomuonetsa.

Eni nyumba anabwera chaka chisanathe, akuti chipinda anabwereketsa munthu mmodzi, ngati tili awiri tifune kwina. Makaniko anabwera pa 2 ndi amalume ake, monga analonjezera. Iwo lonjezo lawo anasunga. Anagwada, analira, anati pepani. Ine ndinaima pakhomo ndi sizasi m'manja. Mzime anatuluka kumbuyo kwanga chikwama chili kale paphewa. Ndinamugwira mkono, iye anandiuza m'khutu kuti, "Pepani wa uyu ndi wa asisi ndi mmodzi, amayi. Koma uyu ali ndi denga."

Tsopano iwe ukuti unkatsika masitepe tsiku lililonse. Ndikukhulupirira, mwana wanga, ndipo n'chifukwa chake ndakwiya. Unkagwada kwa anthu achilendo, koma kulembera mng'ono wako mzere umodzi wakuti "ndikukugwadira kwa mayi wakuti" unaona ngati tchimo. Ukuti sunafune kulonjeza. Ife si makasitomala ako. Lonjezo likanaphwanyika tikanalira limodzi, n'kuona pogwira pena. Unatipatsa mawu ochapidwa bwino, osagwirika paliponse, ndipo mwana anasankha fodya amene anali pamphuno.

Dzulo ndinatseka makina n'kukwera minibasi kupita kwa makaniko, kalata yako ili m'chikwama. Penti anapakadi, yobiriwira. Mwini wake anali pabwalo pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka. Mzime anatsegula chitseko pang'ono, theka la nkhope lili kuseri. Sanandilowetse. Ndinamupatsira kalata pampatapo, anaiwerenga yonse mpaka pa mawu ako akuti akutchule asisi pageti. Miyendo ija inali itatuluka pansi pa galimoto, munthu ataima kumbuyo kwanga akupukuta sipanala.

Ndinati, "Nanga ndikamuyankhe chiyani mkulu wako? Akuti Lolemba."

Anapinda kalata ija bwinobwino n'kundibwezera. Pamenepo chitseko chinatseguka pang'ono, ndinaona mlomo wake wam'munsi. Wang'ambikanso, pomwe paja. Anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana ine, kenaka anamwetulira ndi mlomo womwewo, kumwetulira kwaukhondo kumene ine sindinamuphunzitse. Ananena motsitsa, ndiye sindinamve, ndinachita kumuuza kuti abwereze. Anabwereza pang'onopang'ono kuti ndiwerenge pamilomo.

"Muwauze madamu kuti pepani, nkhani yawo tikuitsatira."

Anatseka chitseko.

Ndiye ndakuuza monga anandituma. Tanthauzo lake ukulidziwa ndiwe.

Mayi wako